Ulendo wa ku Mapanga a Chongoni

Tsiku lina m'mwezi wa June, nthaŵi imene chisanu cha kuno ku Bembeke chimaloŵa mpaka m'mafupa, tidaona galimoto yachilendo itaima pamsika wa pamphambano, pamene amayi amagulitsa kachewere ndi kabichi. Idali galimoto, komanso idali nyumba, pakuti m'kati mwake mudali kama, mbaula, thanki ya madzi ndi kabati ya mbale. Eni ake, bambo ndi mayi achikulire ochokera ku South Africa, adadzera ku Tete naloŵa m'dziko muno pachipata cha Dedza, koma adaphonya njira. Chimene ankafuna ndi mapanga okhala ndi zojambula za anthu akale.

Anthu a pamsikapo adaloza ife nati, "Afunseni aphunzitsiŵa." Apa manyazi adatigwira, chifukwa ngakhale takhala tikuphunzitsa ana za mapangawo zaka zambiri, phazi lathu lidali lisanapondeko. Chotero tidavomera kuŵaperekeza m'maŵa mwake, kuti nafenso tikadzionere.

Njira yake imabwerera ku Dedza boma, ndipo ukapitirira pamenepo umatsata msewu wafumbi woloŵa m'nkhalango ya Chongoni. Kumeneko mapiri ndi a miyala ikuluikulu yosanjikizana, ndipo kunsi kwa miyalayo kuli mapanga. Sali mapanga akuya amdima ayi, koma makhonde a mwala mmene banja lingabisale mvula. M'dera lonselo muli malo 127 okhala ndi zojambula, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaŵerengera derali pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Odziŵika kwambiri ndi a Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Ife tidakwera ku Chentcherere, motsogozedwa ndi mnyamata wa m'mudzi wapafupi. Pamwalapo pali zojambula za mitundu iŵiri. Zofiira ndizo zakale koposa: mizere, timadontho ndi zozungulira, ntchito ya Akafula, alenje aafupi aja amene makolo athu adaŵapeza m'dziko muno naŵatcha Amwandionerapati. Zoyera ndi za Acheŵa, zopakidwa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zimaoneka ngati nyama zotambasula miyendo. Akatswiri amati zoterezi zinkathandiza anamkungwi polangiza atsikana pa chinamwali. Zina, makamaka za ku Namzeze, ndi zilombo za Nyau. Pamalo omweŵa katswiri wina, J. Desmond Clark, adakumba pansi m'chaka cha 1972 napeza zida za miyala ndi mafupa a nyama zimene eni phangalo ankadya.

Koma chimwemwe chathu sichidakhalitse. Pamwamba pa zojambulazo padali maina a anthu, ena olembedwa ndi makala, ena ndi choko, ena ochita kukanda ndi mwala. Mayi uja adatifunsa motsitsa mau kuti, "Nanga izi adalemba ndani?" Tidasoŵa poyambira. Zilembozo tidazizindikira bwino lomwe: ndi zomwe zija timaphunzitsa m'kalasi, kugwira dzanja la mwana kuti A aimirire bwino. Chimene mvula ndi mphepo zidachileka zaka mazanamazana, dzanja lophunzira lidachiwononga tsiku limodzi.

Madzulo tidapempha malo kwa amfumu, ndipo adatilola kugona pabwalo kunsi kwa phiri. Alendowo adagona m'galimoto mwao, ife adatibwereka hema. Titafuna kusonkha moto pafupi ndi thanthwe kuti titchinjirize mphepo, bambo uja adatiletsa mwaulemu, nati utsi ndiwo umadetsa mwala ndi kukwirira zojambula. Tsono tidausonkha poyera, nkumaotcha kachewere wathu wa ku Bembeke, uku akutisimbira za mapanga a ku Drakensberg kwao ndi a ku Matobo ku Zimbabwe, kumene mlendo saloledwa kukhudza mwala wojambulidwa. Kutacha adatola kanthu kalikonse, ngakhale kachitsa ka machesi, nakwirira phulusa, kotero kuti wodutsa sakadadziŵa kuti padagona anthu. Zoonadi, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tidziŵa kuti ena mwa aŵerengi adzati, "Ife tili nazo chiyani zojambula za Nyau ndi chinamwali?" Yankho lathu ndi lakuti kusunga mbiri sindiko kuloŵa mwambo. Amene adajambula pamenepo ndi agogo athu, ndipo Akafula sadasiye buku. Kalata yao ndi mwalawo basi. Tikaifafaniza, palibe wina adzailembenso.

Chotero tikupempha makolo ndi aphunzitsi anzathu: pitani nawoni ana ku Chongoni, pakuti sipafunika galimoto yokhala ndi kama, minibasi ndi miyendo zikwanira. Koma musananyamuke aphunzitseni zinthu zinayi: asakhudze zojambula, asazithire madzi pofuna kuti zioneke bwino, asasonkhe moto m'phanga, ndiponso asalembepo dzina. Ife tidabwererako mwezi wotsatira ndi ana a Sitandade 7, ndipo tisanakwere phiri tidaŵauza kuti atulutse zonse za m'matumba. Tidatolera zidutswa za choko zisanu ndi ziŵiri, nkubwerera nazo ku Bembeke, kumene zidakagwira ntchito yake pabolodi.