Ku Maun, kwamene ma pailoti bamagona mu tenti

Imwe bamene mumaona pailoti pa eyapoti ya Kenneth Kaunda, shati yoyera mbee, mizele ya golide pa mapewa, kasutukesi ka mawilo kumbuyo, nakukamba mumtima ati uyu zake zinayenda kudala, bwelani mukwele basi naine. Tiyenda ku Maun, mu Botswana. Kuja muzaona pailoti wamene uja achapa shati yake mu baketi, pambali pa tenti.

Ine nchito yanga muiziba, ni ma shoo na ma vidiyo ya boimba. Za ndeke zinanipeza cifukwa ca kazeni wanga. Mufana anaphunzila kuulutsa ndeke ku South Africa, ndalama zinacoka pa puloti yamene batate bake banagulisa, ndipo anabwela na laisensi ya CPL, ija yamene imakuvomeleza kulipiliwa ukaulutsa ndeke. Mu logbook yake munali maawazi 200 na tumapointi. Kwa ise ku nyumba 200 inamveka monga nambala ikulu. Ku makampani ya ndeke zikulu ni kamwana ka giledi wanu. Laisensi ya ATPL, yamene kaputeni wa ndeke za bantu bambili afunika kunkala nayo, ifuna maawazi 1500. Manje pakati pa 200 na 1500 pali cimugodi, ndipo palibe wamene azakulipila kuti ucizuze. Kubweleka ndeke na ndalama zako awa na awa, olo mugulise nyumba yonse simungafike. Ndiye cifukwa bafana ba maawazi yang'ono bamasakila nchito za tundeke tung'ono, twamene tumanyamula ma tuwaristi kupeleka ku ma kampu ya mu sanga olo kubazungulusa mumwamba kuti bajambule vinyama.

Tinanyamuka pa Intercity kuseni-seni, Livingstone tinafika kumazulo. Mailo yake taxi mpaka Kazungula. Ngati munapitako kudala nthawi ya pontuni, muzadabwa. Buliji inaseguliwa mu May 2021, ni ya mamita 923, ndipo niyokhota, cifukwa bomanga banafuna kuti isagunde dela ya Zimbabwe olo ya Namibia. Mapasipoti yonse mumadindisa mu nyumba imozi. Ise ba Zambia viza sitifunika, bamakupasa masiku osapitilila 90. Sungani nambala iyo, izabwelanso. Cina camene sibanganiuze ni ca nsapato: ku Botswana bamaopa matenda ya ng'ombe ya pakamwa na mapazi, so bamakuuza kuponda pa kasaka konyowa na mankwala. Ine na ma sneaker yanga yoyera ninaponda monga niponda pa moto.

Kucoka Kazungula kufika Nata ni makilomita pafupi-fupi 300, kucoka Nata kufika Maun yenanso 300. Mu njila yoyamba njovu zimaimilila pambali pa msewu monga ziyembekeza minibasi. Yaciwili ipita pafupi na Makgadikgadi, malo yoyela na mucele, na milambe ya ku Gweta. Vinangu vonse ni zuba na mucenga, ninagona.

Maun yeve siizakudabwisani na ma buildingi. Ni tauni ya mucenga, mabulu yayenda pakati pa msewu, ma Land Cruiser ya safari yali paliponse, na mumana wa Thamalakane upita pambali. Camene cizakudabwisani ni kumwamba. Kuseni tundeke tunyamuka kamozi pambuyo pa kanzake monga mabasi pa Kulima Tower, ndipo eyapoti ili mukati mwa tauni, unga yende na mendo kucoka ku mashopu. Cifukwa cake ni Okavango Delta. Mvula imagwa ku mapili ya Angola, manzi yayenda pang'ono-pang'ono kwa myezi, nakufika mu Delta pamene kuno kwauma, ca mu June mpaka August. Siyafika ku nyanja, yamasila mu mucenga wa Kalahari. Mu 2014 UNESCO inaika malo aya pa mundandanda wa World Heritage, ndipo yanali ya nambala 1000. Ma kampu yambili yali pa tuzilumba kwamene motoka siingafike manzi yakazula. So mulendo, cikwama cake, tomato na mowa wa ku bala, vambili vimayenda na ndeke. Makampani monga Mack Air na Wilderness Air ndiye nchito yao.

Ndeke zake ni Cessna 206 ya mipando 6 kuikapo wa pailoti, GA8 Airvan ya mipando 8, na Cessna Caravan yamene ni ikuluko. Watsopano kambili amayambila pa ting'ono, Caravan ni ya bamene bankalako. Mulendo amavomelezewa makilo 20 cabe, mu cola cofewa, cifukwa sutukesi yolimba siingene mu kapodi ka pansi pa ndeke. Ndipo wonyamula vola ivo nakuvilonga ni pailoti mwine wake. Ndiye amaona mafuta, ndiye amapukuta mipando ngati mulendo wasanza, ndiye amaseka na muzungu wamene afunsa ngati mwana uyu ali na laisensi zoona.

Manje nchito iyi siipezeka pa imelo. Uyu ndiye mwambo wa Maun wamene bonse bazakuuzani: ubwele wekha, bakuone pamenso. Bafana na basikana bamacoka ku South Africa, Europe, Australia, bamafika nthawi ya mainza pamene ma tuwaristi bacepa, cifukwa ndiye pamene makampani yamakonzekela sizoni ya cilimwe. Bamamanga tenti pa malo monga Audi Camp olo Old Bridge Backpackers ku Matlapaneng, kuseni bavala shati yosita, banyamula ma CV mu pulasitiki, bazunguluka maofesi ya pa eyapoti. Ukapasa CV lelo, mailo uyendenso kukapeleka moni. Osati kuvuta, koma kuti nkope yako isaibalike. Kazeni wanga tsiku loyamba anangena maofesi yonse mu maawazi yabili, anacoka na mayanko yofanana: pakali pano palibe, uzipitako.

Ine ninamvela cifundo, koma ba mu tenti yapafupi banaseka cabe. Umozi anali atankala myezi ibili. Ananiuza ati intavyu yeniyeni siicitikila mu ofesi, icitikila pa bala kumazulo, pamene ma pailoti ba nchito babwela kumwa St Louis. Bakulu ba kampani bamafunsa bafana bao kuti uja watsopano ni muntu wabwanji. Ukakolewa nakuyamba kuzitama ati ine nimaulusa kucila imwe, nkani ifika ku ofesi ukalibe kuuka. Apa ninaona kuti vintu ni cimozi-mozi na ku ma studio ya mu Lusaka. Woimba wa mau yabwino koma wa mwano, ma produsa bamamuleka.

Koma nisakunamizeni ati kuseka bwino pa bala ndiye vonse. Botswana ili na ma pailoti bake, ndipo nchito iyamba kupasiwa kuli bene ba dziko, monga mwamene naise tingafunile kwatu. Mulendo afunika pemiti ya nchito yamene kampani ndiye imapempa, ndipo laisensi yake ifunika kuvomelezewa na Civil Aviation Authority of Botswana, na mayeso ya malamulo ya mumwamba pamwamba pake. Wamene ali na maawazi yambiliko, olo anaulusako kale 206, ali pasogolo pa muzele. Wa 200 ali kumbuyo, ndipo masiku 90 yaja ya pa Kazungula yayenda tsiku na tsiku, pamozi na ma pula mu thumba. Ngati mufana wanu akamba zoyenda, mufunseni poyamba ngati anafunsa makampani na CAAB vamene bafuna caka cino. Basi ni yochipa kucila myezi itatu ya tenti.

Tsiku lacitatu ninalipila ulendo wa mumwamba wa awa imozi, tinasonkelana bantu basanu. Pailoti anali musikana, mwina wa saizi yanga. Akalibe kuliza injini anatifunsa makilo yatu umozi-umozi, nakutinkazika kulingana na kulema. Anafotokoza kuti Maun ili pamwamba mamita kupitilila 900, ndipo kukapya mpepo imapepuka, ndeke imafuna msewu utali kuti inyamuke. Ku ma kampu misewu ya ndeke ni ya dothi, mvula ikagwa ni matika, ndipo nthawi zina ufunika kupita pamwamba poyamba kuti uone ngati palibe mbalale olo njili pakati. Tinanyamuka. Maminiti yang'ono cabe nyumba zinasila, pansi panankala manzi yong'anima, tunjila twa mvuu mu matete, njovu monga nyelele zikulu, na muntu umozi mu mokoro, bwato bwao bwa kuja. Ndeke inali kudumpa-dumpa na kupya, ine kapepa ka masanzi nili nako kumanja, foni ku manja inangu. Kazeni wanga sanayang'ane njovu olo imozi. Menso yake yanali pa manja ya musikana uja.

Muzafunsa ati nanga kwatu kulibe? Kuliko. Ku Livingstone ma helikopita na ma microlight yamazungulusa balendo pamwamba pa Mosi-oa-Tunya. Tundeke tumapeleka bantu ku Jeki na Royal mu Lower Zambezi, na ku Mfuwe. Proflight yamene mukwela lelo kuyenda ku Ndola inayamba mu 1991 monga kampani ya charter. ZASTI, sukulu ya za ndeke, ili pafupi na eyapoti ya Lusaka. Ndipo kwatu sufunika pemiti. Kazeni wanga anasiya ma CV konse uko akalibe kunyamuka. Ca Maun ni kuculuka cabe: ndeke zambili pa malo yamozi, ndipo caka ciliconse bena bamakwanisa maawazi yao nakuyenda ku ndeke zikulu, mipando nakusala.

Ine ninabwela pa Sande cifukwa Mande kunali kulemba za shoo. Ninamusiila ma pula yamene yanasala, ketulo, na aini ya magesi yamene ninagula pa shopu ya pafupi na eyapoti. Dzulo anatuma meseji pa WhatsApp ati pailoti umozi anamuvomeleza kunkala pa mupando wa kumanja pa ulendo wopeleka katundu ku kampu, kuti aone njila. Maawazi ayo siyalembewa mu logbook yake. Batate bake banafunsa ngati iyo ndiye nchito yayamba, ninabauza kuti ikalibe. Pa pasipoti pasala masiku 61.