Zomba ndi Mwana wa ku Nsipe

Mwana wa ku Nsipe akaoloka Shire pa Liwonde n'kufika ku Zomba, maso ake amathamangira phiri lalitali, mtsinje wa Mulunguzi ndi Nyanja ya Chilwa yooneka chapatali. Komatu mzindawu uli ndi mbiri yomukhudza iye mwini. Kuno ndiko kudali likulu la boma la atsamunda limene lidapha Inkosi Gomani m'chaka cha 1896. Kunonso kuli chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles amene adafera pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, nkhondo yoyambira ku Ulaya.

Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma chipilalacho chikadalipo. Choncho mwanayo asangosirira phiri lokha. Ayime pamenepo, awerenge mayinawo mofatsa, pakuti eni ake adasiya makasu kumudzi, osabwereranso.