Makotesheni atatu a phula la pakhomo

Anzanga, kotesheni ya kontrakitala nthawi zambiri imafanana ndi kope la mwana wa Fomu 2 amene walemba yankho lokha osaonetsa njira. Mwina nambalayo ndi yoona, koma yachokera kuti? Ine ndimaphunzitsa masamu, ndiye miyezi iwiri yapitayi ndakhala ndikuchonga makotesheni monga ndichongera makope.

Nkhani yake ndi kanjira kochokera pa geti kufika pakhonde la nyumba yathu. Kutalika kwake ndi mamita 18, m'lifupi mamita 3, kutanthauza masikweya mita 54. Malowo ndi otsetsereka, dothi lake katondo. Mvula ikagwa galimoto imagona kunja kwa mpanda. Zimenezo tikanapirira, koma mayi anga tikukhala nawo tsopano, amayenda ndi ndodo, ndipo dzinja lathali anaterereka. Sanathyoke, tikuthokoza Mulungu, koma chichokereni apo kukangochita mitambo satuluka m'nyumba, ngakhale kupita ku tchalitchi. Ndalama yake ndi ngongole ya ku SACCO, yodula ku malipiro mwezi ndi mwezi, ndiye si ndalama yoseweretsa.

Kontrakitala woyamba anabwera opanda tepi. Anayeza ndi mapazi, nkutchula mtengo umodzi wa "zonse zonse". Nditafunsa kuti phulalo likhala lochindikala bwanji, anaseka.

"Aphunzitsi, musade nkhawa, tithira lokwanira."

Lokwanira ndi masentimita angati? Phula losakaniza ndi miyala likapondedwa limalemera pafupifupi matani 2.4 pa kiyubiki mita imodzi. Pa kanjira kangaka, masentimita 3 ndi matani osakwana 4, pamene masentimita 5 ndi matani 6.5. Kusiyana kwake ndi matani awiri ndi theka, ndipo rola ikadutsapo palibe angaone ndi maso, zonse zimangooneka zakuda bii. Mudzadziwa pakatha madzinja awiri.

Wachiwiri anayeza bwinobwino ndipo anabweretsa pepala lolemba mzere ndi mzere: kukumba, kuyala kwale masentimita 15, kuponda ndi rola, kuthira phula lamadzi lomatira, kenako phula lenilenilo masentimita 4, ngalande, ndi msonkho wa VAT. Mtengo wake unali pafupifupi kawiri wa woyamba uja. Chimene chinandidabwitsa ndi chakuti mzere wodula kwambiri sunali wa phula koma wonyamula makina. Rola kaya ikaponda mamita 18 kaya kilomita yathunthu, lole yoinyamula imamwa dizilo yemweyo. Anandiuzanso mosabisa kuti phula limasakanizidwa lili lamoto kuposa madzi owira, ndipo liyenera kuyalidwa lisanazizire. Palibe amene angayatse makina osakanizira chifukwa cha matani asanu a mphunzitsi. Ndiyenera kudikira tsiku limene adzakhale ndi ntchito yaikulu chapafupi.

Pansi pa pepalalo panalembedwa kuti mtengowu ndi wa masiku 14 okha. Pamenepa sindinamudandaule. Phula ndi zotsalira poyenga mafuta, ndipo kuno ku Malawi kulibe fakitale yoyenga mafuta, choncho lonse limachokera kunja, logula ndi madola. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene anapsa kawiri konseko sangakulonjezeni mtengo wa miyezi itatu.

Wachitatu sindinamuitane. Anaimika lole pa geti Loweruka masana, akuti phula lawatsalira ku ntchito ya msewu, athira lero lomwe pa theka la mtengo wa woyamba uja, bola ndalama ikhale ya pamanja. Ndinakhudza mbali ya loleyo, inali yongofunda ngati tiyi wa dzulo. Komanso abale, phula lotsalalo mwini wake ndani? Ndife tomwe timatukwana maenje m'minibasi, kenako nkugula phula la msewu womwewo kuseri. Ndinamuthokoza, ndi kutseka geti.

Amene anatembenuza nkhani yonse ndi mayi akunyumba. Ndikulimbana ndi kakyuleta patebulo, iwo anati, "Bambo, inu mukuwerenga phula, koma mwaona kumene madzi a padenga amadzera?" Zoonadi, madzi onse a mbali ya kutsogolo amagwera pa kanjira komweko. Chimene chimapha phula msanga ndi madzi akalowa pansi pake nkufewetsa maziko. Chachiwiri ndi oyilo ndi dizilo, zimene zimalisungunula pang'onopang'ono, ndipo kagalimoto kanga kakale kamasiya siginecha paliponse pamene kagona.

Choncho tinayamba kuganiza za njerwa za simenti zolumikizana zija anthu amangoti ma pavers. Zilinso ndi mavuto ake. Udzu umamera m'mipata, nyerere zimafukula mchenga, ndipo ena oumba amabera simenti mpaka njerwa imanyenyeka ndi chala. Komabe mutha kugula pang'onopang'ono malipiro akatuluka, woyala ndi mmisiri wa m'dera momwemo, ndipo paipi ya madzi ikaphulika mumangozula, nkukonza, nkubwezeretsa.

Tagwirizana kuyamba ndi ngalande mvula ya Novembala isanafike. Kenako kanjira ka mita imodzi m'lifupi kuchokera pakhonde kufika pa geti, kuti agogo ayendepo ndi ndodo yawo. Njerwa za masentimita 20 kwa 10 zimalowa 50 pa sikweya mita, ndiye tikufunika 900, ndi zina zochepa zoonjezera m'malo mwa zosweka panjira. Galimoto idikire chaka chamawa. Kontrakitala wachiwiri uja ndamupempha andilembere mtengo wa kwale ndi kuponda kokha, wati andiyankha Lachisanu.