Mmisiri ndi Nkhokwe Yaing'ono

M'chaka cha 1977 kampani ya Atari ku America inayamba kugulitsa makina amasewera olumikiza ku wailesi yakanema, amene pambuyo pake anatchedwa Atari 2600. Makinawa anali ndi nkhokwe yaing'ono zedi yosungiramo zochitika m'masewera: mabayiti 128 okha, ndipo bayiti imodzi imasunga chilembo chimodzi. Mwana wa sukulu angathe kudzaza malo otere ndi mizere itatu ya m'kope lake.

Popeza chithunzi chathunthu sichikanakwanamo, wolemba masewera anayenera kulangiza makinawo mzere ndi mzere, pomwe kuwala kulikuyenda pagalasi. Pa mzere uliwonse anali ndi mphindi 76 zokha za kugunda kwa makina; akachedwa ndi imodzi, chithunzi chinkaonongeka.

Atari inaleka kupanga makinawa mu 1992, koma kufikira lero alipo anthu amene amalemba masewera ake atsopano madzulo ataweruka kuntchito. Mmodzi wa iwo ndi Bambo Ed Fries, amene anali mkulu woyang'anira masewera ku Microsoft mpaka 2004. Iwo anazolowera ntchito ya antchito ambiri ndi chuma chochuluka. Komabe mu 2010 anatenga Halo, masewera otchuka a kampaniyo, nawapanikiza m'mabayiti 4,096. Ntchitoyo anaitcha Halo 2600, ndipo mu 2013 Smithsonian American Art Museum ya ku Washington inailandira m'gulu la zaluso zake.

Kodi munthu wotere anafunanji m'makina otayidwa? Yankho lake n'lakuti kuchepa kwa zipangizo kumaphunzitsa zimene kuchuluka sikungathe. Mwini nkhokwe yaikulu satola njere yogwa pansi, koma mwini yaing'ono amadziwa chitsononkho chilichonse. Wolemba masewera a makinawa amawerenga bayiti iliyonse, nafufuta, nayesanso, kufikira atadziwa chifukwa cha lamulo lililonse limene walemba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choopsa cha masiku ano n'chakuti ana amagwiritsa ntchito makina amphamvu osadziwa zochitika m'kati mwake, ndipo munthu wosadziwa chipangizo chake sangachikonze kapena kupanga china. Makina akalewa ndi ochepa kotero kuti munthu mmodzi angathe kuwamvetsa onse. Chotero mphunzitsi kapena kholo loona mnyamata kapena mtsikana alikulimbana ndi ntchito yotere lisanene kuti alikutaya nthawi. Alikuphunzira umisiri kuyambira pa maziko.