Kamera ya Ren Ng ndi funso la mwana wanga wakale



Sabata yatha mmodzi wa ana amene ndinawaphunzitsa wandilembera. Ali kuyunivesite, kafukufuku wake ndi wa makina ojambula zithunzi, ndipo akufuna kusiya maphunziro kuti atsegule kampani. Akuti ndimulangize. Ineyo, munthu wa choko, amene sindinagulitsepo ngakhale mulu wa tomato! Komabe ndinamusimbira nkhani ya Ren Ng.

Ng anamaliza PhD pa Stanford ku America mu 2006. Amene simunkagona pa phunziro la malenzi mukukumbukira kuti kamera wamba imasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi. Ukaphonya, chithunzi chimatuluka chachimbuuzi, basi zathera pomwepo. Iye anaika timalenzi tating'onoting'ono masauzande ambiri patsogolo pa sensa, kuti kamera izidziwanso mbali imene kuwala kwachokera. Ndiye ukajambula, umatha kusankha pambuyo pake pa kompyuta chimene chioneke bwino: nkhope ili pafupiyi, kapena mtengo uli kumbuyo uko. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinasowa tulo. Ntchitoyo inapata mphoto ya bungwe la ACM.

Chaka chomwecho anayambitsa kampani imene pambuyo pake inatchedwa Lytro. Mu 2011 inalengeza kuti eni chuma athiramo madola 50 miliyoni, ndipo mu 2012 kamera yoyamba inafika pamsika pa mtengo wa madola 399.

Apa ndi pamene panagona vuto. Timalenzi tija tinkagawana sensa imodzi, kotero chithunzi chinkatuluka chaching'ono, mapikiselo 1080 mulitali ndi 1080 mulifupi, pamene foni ya m'thumba inkajambula zazikulu kuposa pamenepo. Munthu angalipirirenji chinthu chachiwiri choti azinyamula? Mu 2014 anatulutsa ina, Illum, ya madola pafupifupi 1,600, koma ogula anali ochepa. Pofika 2016 iPhone 7 Plus inkaika chimbuuzi kumbuyo kwa munthu pogwiritsa ntchito makamera awiri ndi pulogalamu. Lytro inayesako makamera a akatswiri opanga mafilimu, kenaka inatseka mu 2018. Ena mwa antchito ake analowa ku Google. Ng mwini wake anali atayamba kale kuphunzitsa pa Berkeley mu 2015.

Sayansi yake inalibe cholakwika. Mnyamata wangayo ndinangomufunsa chimodzi: ndani amene vuto limeneli likumupweteka mpaka angatulutse ndalama m'thumba, ndipo walankhulapo naye?

Chikundivuta n'chakuti mwina ndamuopseza. Ife aphunzitsi tinazolowera malipiro a pamwezi, timaona dzenje paliponse. Mwana ameneyu ali Fomu 3 anaphwasula kamera yakale ya kunyumba kwawo n'kubwera ndi lenzi yake m'kalasi, ndipo ndinamukalipira chifukwa belu linali litalira kale. Lero patha masiku asanu, sanandiyankhe.