Msuweni Wanga ndi Dengu la Manachesi

Sabata yatha, titatha kuwerenga sewero la mnzathu pa msonkhano wathu wa alembi, wina anafunsa kuti kodi munthu amene Azungu amamutcha dramaturg ntchito yake n'chiyani. Ena anati ndi mlembi wolephera, ena anati ndi mtsogoleri wa zisudzo woopa kulamula. Ine sindinayankhe, pakuti maganizo anali atathawira kwathu kwa Kanduku, ku Mwanza, kumene ntchito imeneyi inandikanika pa tchuthi chapitachi.

M'kalasi tinaphunzira kuti munthu ameneyu sasewera, ndipo kawirikawiri salemba. Amakhala pambali namafunsa kuti seweroli likunena za yani, nanga ndani watsala kunja. Tinaphunziranso mbiri ya pano pa Chirunga: kuti mu 1981 a Chris Kamlongera anapita ndi ophunzira a Travelling Theatre ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, ndi kuti kuyambira 1985, pamodzi ndi a David Kerr, gululi linagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde. Kumeneko ndiko kunakhwima njira yotsegula sewero: wosewera amaima pakati pa nkhani, natembenukira anthu, nawafunsa kuti apa tichite bwanji. Mudzi ukayankha, nkhani imakhota kutsata yankholo. Zonsezi ndinaziloweza, mayeso n'kukhoza.

Tsono ndinapita kwathu ndi sewero langalanga la masamba 14, lonena za manachesi. Wodutsa msewu wa ku Zobue mu Juni kapena Julayi amawaona milumilu m'mphepete, koma sadziwa kuti alimi ena ndalama yake anadya kale, venda atagula mtengo wonse zipatso zikadali zaziwisi. Ndinasankha anyamata ndi atsikana odutsa ku sekondale, oti angathe kuwerenga zolemba zanga. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, ndinam'patsa ntchito yonyamula mabenchi. Iyeyu anasiya kumva ali ndi zaka 5 atadwala, ndipo sukulu analekezera Sitandade 2 popeza panalibe mphunzitsi wodziwa kuyankhula naye ndi manja. Pamudzi amamuitana ndi dzina lija lonyoza osamva, ndipo inenso, wachisuweni, ndakhala ndikumuitana chomwecho. M'mutu mwanga ndinali nditam'chitira chifundo pom'patsa mabenchiwo.

Tsiku lachitatu la kukonzekera, mnyamata wosewera venda ankayankhula Chichewa chokoma, cha m'buku, dengu lili phee patsogolo pake. Msuweni anatula benchi, nam'landa dengulo. Analigwedeza kuti zipatso zikhazikike, nathirapo zina, nalipanikiza ndi bondo, kenaka anatola nachesi limodzi, nalinunkhiza, nakwinya nkhope ngati waona chowola, kwinaku dzanja lina likulowetsa awiri m'thumba la jekete. Osewera anagwa nako kuseka. Ine ndinakwiya. Ndinam'kodola kuti achoke, chifukwa zimene anachitazo zinameza masamba anga atatu, masamba amene ndinawagonera usiku ku laibulale.

Azakhali anali chapafupi akusenda chinangwa. Anati, osadzutsa mutu, "Inu a ku yunivesite, mitengoyi munayamba mwakwerako? Uyu ndiye amathyolera mavendawo chaka ndi chaka. Makutu alibe, koma maso ake sagona."

Sindinena kuti ndinatembenuka mtima pomwepo. Ndinalola chifukwa osewera anga anakana kubwerera ku mawu anga aja.

Tinasewera Lamlungu masana pa bwalo la mpira. Msuweni atalowa ndi jekete lake, anthu anayamba kuseka asanachite kalikonse, ndipo kuseka kumeneko ndinakudziwa: n'komwe amam'seka akamadutsa pamsika. Ndinachita manyazi, n'kumadzifunsa ngati sindinam'bweretse pabwalo kuti adzakhale choseweretsa. Koma atafika pa bondo paja, kusekako kunasintha. Amayi anayamba kukuwa, kulozerana, ena mpaka kutchula mavenda amene amatero. Bambo wina anadzuka, nalowa m'bwalo, nakhuthula dengu kuti liyesedwenso. Palibe anam'tuma. Sewero linatseguka lokha, mwini wake ndili kukamwa yasa, pepala m'manja.

Komabe funso lija silinandichoke. Mwa anthu onsewo, angati anam'ona iye ngati katswiri, ndipo angati anangoti wosamva uja lero watiseketsa? Anzanga amene mumakonda kulemba mawu oti kuphatikiza onse m'mapempho anu a ndalama, yesani kaye kuima pabwalo lotero, m'bale wanu akusekedwa, inu osadziwa kuti kusekako n'kwa mtundu wanji.

Mathero anga nawonso sanapulumuke. Ndinalemba kuti alimi apanga kalabu, akana kugulitsa, venda wagwada. Nditafunsa anthu monga mwa mwambo wa ku Liwonde uja, gogo wina anati, "Mwanawe, Febuluwale nkhokwe ikatha, kalabuyo tidzaiphika?" Anakangana mpaka dzuwa kulowa, ena akuti banki m'khonde, ena akuti msika wa ku Blantyre uli patali, galimoto n'lodula. Sanagwirizane. Msuweni sanamve ngakhale liwu limodzi la mkanganowo, ndipo palibe, ngakhale ine, amene anakumbuka kum'fotokozera. Ndinam'peza akubweza mabenchi kutchalitchi yekha.

Seweroli ndidzabwera nalo pa msonkhano wa sabata yamawa. Masamba atatu ndinawang'amba, ndipo pamene pankayenera kukhala gawo la venda ndasiya posalemba, chifukwa ndayesa kanayi kulongosola bondo lija ndi mawu, osatheka. Pachikuto pali dzina langa lokha. Ndinam'funsa ndi manja ngati akufuna kuti lakenso likhalepo. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, nandibwezera, nandiwonetsa ndi zala ndalama imene venda amam'patsa akathyola tsiku lonse.