Kumanga ndi Kuthamanga

Usiku wina wa Ramadhani, titamasula ndi futali wa mbatata, mwana wathu wamkazi wa Sitandade 8 anadza pamkeka ndi kope lake la Chingerezi. Aphunzitsi anawapatsa ziganizo zitatu, chilichonse chokhala ndi liwu lakuti "fast". M'chiganizo choyamba liwulo linkanena za galimoto yothamanga, m'chachiwiri za ngalawa yomangidwa zolimba padoko, m'chachitatu za Asilamu osala kudya.

"Ababa," anafunsa motero, "liwu limodzi lingauze bwanji chinthu kuti chithamange, n'kuchiuzanso kuti chiime?"

Tinaseka, koma yankho tinalibe. Tinamutuma kukatenga dikishonale yakale imene mchimwene wake anasiya atamaliza Fomu 4, ndipo tinaiwerenga pa nyali mpaka nthawi ya Taraweh inayandikira.

Tinapeza kuti tanthauzo lakale la liwuli, m'Chingerezi cha zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndi kulimba, kusagwedezeka. La liwiro linadza pambuyo. N'chifukwa chake amalinyero akamangirira sitima padoko amati "make fast". Wogona tulo tofa nato amati ali "fast asleep". Abwenzi a ponda apa nane m'pondepo ndi "fast friends". Nsalu yosasuluka ikachapidwa amati mtundu wake ndi "fast". Ngakhale lamba wa m'galimoto amatiuza kuti timange ndi liwu la banja lomweli, "fasten". Akatswiri a mbiri ya mawu amafotokoza kuti tanthauzo la liwiro linabadwa mwa kulimba komweko: wothamanga molimbika, mosalekeza, ndiye amafika msanga. M'kupita kwa zaka anthu anagwiritsa kufika msangako, kulimbikako n'kukuiwala.

Za kusala kudya nazo zinachokera pa muzu womwewo: kugwira lamulo zolimba, kudzigwira. Ndipo chakudya cham'mawa chimene Angerezi amachitcha "breakfast" ndi mawu awiri olumikizana, otanthauza kuthyola kusala. Amamasula m'mawa uliwonse osakumbukira kuti dzina la chakudyacho limanena za kumasula.

Apa agogo a anawa, amene anali chete akuwerenga tasbihi, anatukula mutu. "Nanga inu mumati mukutani mwezi uno? Simumati mwamanga?"

Tinayang'anana. Ndithudi, kuno kunyanja timati tamanga, ndipo dzuwa likalowa timati tamasula. Ena timati tafunga, liwu la Chiswahili limene limatanthauzanso kumanga kapena kutseka. Tinadabwa kuona kuti anthu a m'mphepete mwa nyanja ino ndi anthu a ku zilumba za Britain, osapangana, anaona chinthu chimodzi: wosala kudya ali ngati ngalawa imene mwini wake waikokera kumtunda ndi kuimangirira pa chikhomo. Chiarabu nachonso chili pafupi. Swaumu ndi kudziletsa, ndipo mu Surat Maryam liwu lomwelo likunena za kudziletsa kulankhula kumene mayi wa Mneneri Isa, mtendere ukhale pa iye, analonjeza.

Koma tanthauzo limene ana athu amalidziwa bwino ndi lina lija. Amalimva pa depoti ya Mangochi kondakitala akukuwa kuti "fasta fasta". Amalimva pa kabaza, pa chiwaya cha tchipisi, pa malonda a intaneti yothamanga. Amalimvanso pa zimene anyamata amazitcha ndalama za fasta.

Tisabise. Mwini dikishonale ija anali pomwepo, chakumapeto kwa mkeka, maso ali pansi. Miyezi iwiri m'mbuyomo tinamupatsa ndalama zogulira ukonde, zimene tinasonkha pang'onopang'ono pogulitsa usipa wouma. Iye anaona kuti ukonde umabweza ndalama mochedwa, ndipo anayamba kubetcha mpira pa foni. Tsiku loyamba anapambana, ndipo ndi pamene panali msampha. Pamene timazindikira, zonse zinali zitapita, kuwonjezapo ngongole ya katapila. Juga ndi katapila, zonse ziwiri zoletsedwa m'chipembedzo chathu, zinalowa m'nyumba mwathu kudzera m'kachipangizo kokwana m'thumba la malaya. Tinamukalipira mpaka mawu anatithera. Kuyambira pamenepo tinkadyera m'mbale imodzi, koma osalankhulana za kumtima.

Agogo sanamutchule dzina. Anangoti, "Mwera ukayamba, ngalawa yosamanga ndiyo imayenda msanga kuposa zonse. Koma mwini wake sakhalamo, ndipo kumene ikupita sanasankhe ndi iye."

Sitikunena kuti Chisilamu chimadana ndi changu. Sunna imatilimbikitsa kufulumira kumasula dzuwa likangolowa, monganso imatilimbikitsa kuchedwetsa daku kufikira m'bandakucha utayandikira. Timafulumira kuika maliro. Timafulumira kubweza ngongole tikapeza chobwezera. Changu chotere ndi cha munthu amene chingwe chili m'manja mwake, amene amadziwa pomanga ndi pomasula. Swaumu inalamulidwa m'chaka chachiwiri cha Hijra, ndipo ndime 183 ya Surat Baqara ikutchula cholinga chake, chomwe ndi kuopa Allah. Kwa masiku 29 kapena 30 timaphunzitsa dzanja kuona madzi pafupi osawatenga, ngakhale palibe munthu wotiona. Msodzi amene wamanga amakhala tsiku lonse pamwamba pa nyanja ya madzi okoma, mmero uli gwa, osatunga ngakhale a m'chikhatho. Dzanja lophunzira zimenezo lingathenso kuona foni n'kuisiya m'thumba.

Ifenso makolo liwuli linatitsutsa. Tinkafuna kuti mwana wathu asinthe msanga, usiku umodzi, monga iye ankafunira chuma cha usiku umodzi. Matenda ake tinali nawo ifenso, pakuti kukalipa ndi njira yachidule. Kukhala naye pansi, kuwerengera limodzi ngongole ija ndi kupangana za kabwezedwe kake mwezi ndi mwezi kunafuna kulimba kumene tinali tisanakuonetse.

Tinachita zimenezo pambuyo pa Taraweh, pa nyali yomwe ija. Mnyamatayo analankhula kwa nthawi yoyamba, natchula ngongole yonse, yoposa imene tinkaidziwa. Tinameza mkwiyo, popeza tinali m'mwezi wophunzira kuumeza. Mfundo imene tinamanga usikuwo idakali yatsopano, ndipo mwera sunayambe kuiyesa. Timapempha Allah kuti aigwirizize.

Pa daku, mlongo wake anationetsa zimene analemba pansi pa ziganizo zitatu zija. Pa galimoto analemba kuti kuthamanga. Pa ngalawa analemba kuti kumanga. Pa Asilamu anayamba kulemba kuti kusala, kenaka anafufuta, nalembanso kuti kumanga. Titaswali Fajr, mchimwene wake ananyamula ukonde wakale wa agogo, uja wong'ambika m'mbali, natsikira nawo kudoko kukausoka.